Malangizo: Vuto la Kumva mwa Odwala Matenda a Friedreich

Matenda a Friedreich, amene anatenga dzina la Nikolaus Friedreich, dokotala wa ku Germany yemwe anawafotokoza mu 1863, ndi amtundu wa ataxia, ndiko kuti matenda owononga mitsempha pang'onopang'ono mpaka munthu kuyamba kuyenda mwadzandidzandi ndi kulankhula movutikira. Amapezeka makamaka mwa anthu ochokera ku Ulaya, ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, ndipo mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri jini yowonongeka ya FXN, yomwe inadziwika mu 1996.

Pa nkhani ya kumva, chimene chimasokoneza mabanja ambiri n'chakuti khutu lenilenilo nthawi zambiri limakhala labwinobwino, koma mtsempha wotumiza mawu ku ubongo ndiwo umalephera kuwafikitsa m'nthawi yake, kotero kuti wodwala amamva kuti munthu akulankhula koma satha kusiyanitsa mawuwo, makamaka m'kalasi kapena pamsika pamene pali phokoso. Mwana wotere amaganiziridwa kuti ndi wamwano kapena wosatchera khutu, zomwe n'kumulakwira, ndipo kumupima m'chipinda chachete kukhoza kubisa vutolo.

Popeza zipangizo zongokweza mawu zimakwezanso phokosolo, chothandiza kwambiri ndi maikolofoni imene wolankhula amavala kuti mawu ake azifika mwachindunji kwa wodwalayo. Achibale azimuyang'ana kumaso polankhula, azizimitsa kaye wailesi, ndipo apemphe dokotala kuti kupima makutu kuphatikizepo kumvetsera mawu pakati pa phokoso, osaiwalanso kupimitsa mtima ndi shuga, pakuti matendawa amakhudzanso zimenezi.