Njerewere ndi zotupa za pakhungu: musadule nokha

Zambiri zomera pakhungu zimene timaziona m'midzi ya kuno ku Kasungu n'zosaopsa: njerewere m'manja mwa ana, tinyama tolendewera m'khosi ndi m'khwapa, chotupa chofewa cha mafuta chimene chimathawa chala mukachidina, ndi zipsera zotukuka. Komabe wogamula kuti ichi si khansa ndi dokotala, ndipo chilichonse chili ndi kachotsedwe kake.

Njerewere zimayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo mwa ana zambiri zimatha zokha pasanathe zaka 2. Zikamapweteka kapena kufalikira, pali mankhwala a salicylic acid opaka tsiku ndi tsiku, nthawi zina mpaka masabata 12. Kumene kuli zipangizo, amaziumitsa ndi nayitrojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Pamatuluka thuza, pamauma, nkhanambo n'kugwa. Za kumaliseche amazipaka podophyllin achipatala okha. Amayi, ngati muli oyembekezera nenani, mankhwalawa sayenera munthu wapathupi.

Chotupa cha mafuta ngati sichikukuvutitsani mutha kuchisiya. Chikakhala posenzera kapena pomangira lamba, ndi opaleshoni yaing'ono: jakisoni wa dzanzi, kung'amba, kuchotsa, kusoka. Ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo, ulusi n'kukachotsetsa pakatha masiku 7 mpaka 14.

Chovuta ndi chipsera chotukuka, chija chimamera pamene mtsikana anaboola khutu, pamene panatemedwa mphini kapena pachifuwa pamene panali ziphuphu. Chimalimba, chimanyezimira, chimayabwa, ndipo chimakula kupitirira bala lenilenilo. Ichi mukachidula chimabwerera, kawirikawiri chachikulu kuposa poyamba, chifukwa bala latsopano ndilo chakudya chake. N'chifukwa chake madokotala sathamangira mpeni. Amabaya triamcinolone m'chipseramo maulendo angapo, motalikana masabata 4 mpaka 6, kuti chifewe ndi kuphwa. Sichithera tsiku limodzi, musatope panjira. Ndipo munthu amene thupi lake limatere asaboolenso makutu, asatemetsenso mphini.

Zochotsa tokha ndi lezala, madzi a batire kapena utomoni wa nkhadze tisiye ndithu. Nkhadze imawotcha khungu labwino lomwe, ikadonthera m'diso imatha kuliwononga. Bala lodzicheka ndi manja ochokera kumunda ndi khomo la kafumbata. Komanso chimene mwachidula n'kutaya sichingakayezedwenso ku labotale.

Dokotala akanena kuti n'chosaopsa, pemphani kuti adzachichotse tsiku loti ntchito ya m'chigafa yatha, bala lisamadye fumbi la fodya. Koma pali zina zosadikira ndalama za fodya za ku msika wa Chinkhoma: chotupa chokula msanga, cholimba chosasuntha, chotuluka magazi, chilonda chosapola mwezi wathunthu, kapena zigamba zakuda m'miyendo yotupa, zomwe zitha kukhala khansa ya Kaposi, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Abale athu achialubino asalekerere kachilonda kalikonse kumaso, m'makutu ndi m'khosi, pakuti dzuwa la kumunda limawayambitsira khansa.

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ku Santhe, ku Chulu kapena ku Kaluluma. Zikafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu paboma la Kasungu kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. M'zipatala za boma simulipira. Za mishoni monga Nkhamenya zimalipiritsa. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo mukauze dokotala zonse zimene munapakapo kale.