Nyanja ikatsekedwa, nafenso a kumtunda titseke dengu

Ife kuno ku Ntcheu ndife alimi, koma usipa umene timadyera nsima ukuchokera ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, kudzera njira ya Golomoti. Ana athu ena amapita komweko kukakoka makoka, ndipo amayi ambiri amapezera fizi pa dengu la usipa pa Kampepuza, pa Lizulu ndi pa boma. Tsono lamulo la panyanja ndi lathunso.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala, nthambi ya boma yoona za nsomba imaletsa makoka okokera kumtunda pa nyanja ya Malawi. Mphamvu zake zikuchokera mu lamulo la nsomba la 1997. Chifukwa chake n'choti miyezi imeneyi chambo chimabwera m'madzi osaya kudzaswa, ndipo make amasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Khoka likadutsa pamenepo, mwagwira chambo chimodzi koma mwapha ana ambirimbiri. Neti ya udzudzu ndiye njoletsedwa chaka chonse, pakuti imakokolola ndi bonya yemwe, kausipa kosakula, pamodzi ndi kasawala, ana a chambo.

Mlimi samvutika kumva zimenezi. Njala ikafika pakhosi mu Disembala, alipo pakati pathu amene amakazinga mbewu yoti abzale? Bonya ndi kasawala ndiyo mbewu ya m'nyanja.

Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira, anthu anayamba kutseka usodzi m'zaka za m'ma 1950, boma lisanawauze. Mvula ikayamba mu Disembala asodzi amachoka pachilumbapo, n'kudzabwerera cha mu Epulo. Mowa ndi juga saloleza. Mpaka lero Mbenji imatchuka ndi utaka wonenepa. Ku nyanja ya Malombe chambo chinatha ndi kukoka kosapumira, ndipo mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko, ma BVC, kuti eni dera azilondera okha madzi awo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Qur'an, Surah Al-A'raf ndime 163, Allah akutikumbutsa za mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja umene unaletsedwa kusodza tsiku la Sabata. Tsiku lomwelo ndi limene nsomba zinkaonekera poyera, masiku ena osaoneka. Anali mayeso. Ma ulama amafotokoza kuti ena anachita ukathyali: kutchera usiku woti mawa ndi Sabata, kudzaonjola litapita, n'kumati sitinalakwe. Allah anawalanga. Amene anapulumuka ndi aja ankaletsa anzawo.

Tikudziwa kuti Novembala ndi mwezi wowawa. Feteleza akufunika, nkhokwe yapepuka, ndiye wina akubwera ndi thumba la bonya pamtengo wotsika, eti walitenga usiku. Mtima umagunda ndithu. Koma wokoka neti ya udzudzu akokeranji ngati ku Ntcheu kulibe womugula? Ndalama yathu ndi imene imamutuma.

Tsono tichite izi. Amayi a geni, pooda funsani kuti nsombazo zagwidwa ndi chiyani, ndipo bonya ndi kasawala zisiyeni. Anyamata opita kunyanja, mukafika padoko yambani mwaonana ndi a BVC akuuzeni zida zololedwa nyengo imeneyo, ndipo bwana akakutumani kukakoka nthawi yotseka, kanani, bwerani mudzalime. Pakhomo, miyezi iwiri yokha tingapirire ndi nyemba, bonongwe, nkhwani wotendera ndi ngumbi za mvula yoyamba. Neti yolandira kuchipatala ikhale pamphasa pogona ana.

Nyanja ndi amaana imene Allah anatisungitsa, ndipo riziki la halaal silithawa mwini wake. Januwale akafika, Insha Allah, tidzagula ndi mtima woyera. Allah atikhululukire pamene tinadya mosafunsa, ndipo adalitse minda yathu ndi madzi athu. Ameen.