Kuteteza Kafukufuku Pamaso pa Oyesa

Kalata ya lero yachokera kwa mayi ena a ku Zomba amene mwana wawo akumaliza digiri yachiwiri, ndipo akufunsa chifukwa chake munthu amene walemba kale buku lonse la kafukufuku amaitanidwanso kukayankha mafunso pakamwa.

Mayeso amenewa, omwe m'mayunivesite amatchedwa viva voce, cholinga chake ndi kutsimikiza kuti wophunzirayo anagwiradi ntchitoyo yekha ndiponso kuti akumvetsa zimene analemba. Kawirikawiri oyesa amakhala aphunzitsi a payunivesite pomwepo pamodzi ndi katswiri wochokera ku yunivesite ina, amene amawerenga bukulo tsiku la mayesolo lisanafike n'kulemba maganizo ake, pomwe mphunzitsi amene ankatsogolera wophunzirayo saloledwa kumuyankhira. Mafunso ovuta kwambiri amakhala pa njira imene kafukufukuyo anayendera. Ngati wophunzira anafufuza za ulimi wa chimanga m'midzi ya ku Dedza, oyesa angafune kudziwa chifukwa chimene anasankhira midzi imeneyo, mmene anapezera alimi amene anawafunsa, komanso ngati zimene anapezazo zingagwire ntchito ku Nsanje, kumene kumatentha kwambiri. Wophunzira amene amavomereza malire a kafukufuku wake mosabisa amalemekezedwa kuposa amene amapeka yankho pofuna kudziteteza, ndipo mwana wa mayiwa ayenera kukonzekera mafunso oterewa powerenganso chaputala chilichonse modekha.

Akatha kukambirana paokha, oyesa amalengeza chigamulo chawo, ndipo ophunzira ambiri amapambana koma amauzidwa kukonza zina ndi zina m'bukumo asanalandire digiri.