Magazi m'chimbudzi usawaone n'kungokhala chete

Deborah James anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu ku England, mayi wa ana awiri, wothamanga mitunda italiitali, ndipo nyama sankadya. Mu Disembala 2016, ali ndi zaka 35, anamupeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Anamwalira pa 28 Juni 2022 ali ndi zaka 40.

Thupi lake linali litamuchenjeza kwa miyezi. Ankaona magazi m'chimbudzi, ankapita kuchimbudzi kambirimbiri pa tsiku, ankaonda, ankatopa. Koma chilichonse chinkapezeredwa chifukwa chake: mwina m'mimba mwangosokonekera, mwina ndi mudzi. Munthu wa msinkhu umenewo, wamphamvu choncho, ndani akanamuganizira khansa? Miyezi inatayika pamenepo.

Iwe m'bale wanga, ukanatani? Si paja ukaona magazi umangoti ndi kamwazi, n'kukagula mapiritsi pagolosale?

M'matumbo mwako muli mabakiteriya osawerengeka. Ena ndi abwenzi: amagaya gaga wa mu mgaiwa, nyemba ndi masamba, n'kutulutsa butyrate, chakudya cha khungu la mkati mwa matumbo. Koma mitundu ina ya mabakiteriya otchedwa E. coli imatulutsa poizoni wotchedwa colibactin, amene amawononga DNA. Mu 2025, gulu la ofufuza la Ludmil Alexandrov ku San Diego linaunika zotupa za odwala khansa ya m'matumbo aakulu 981 a m'mayiko 11. Zipsera za poizoniyu pa DNA zinapezeka mochuluka kuposa katatu mwa amene anadwala asanafike zaka 40, poyerekeza ndi opitirira zaka 70, ndipo zikuoneka kuti zimayamba munthu ali mwana. Ndiye mawu oti "ndikadali wamng'ono" akutchinjiriza bwanji?

Ndikudziwa, nkhani ya chimbudzi imachititsa manyazi, ndipo m'chimbudzi chokumba suona kanthu. Yang'ana papepala limene wadzipukutira. Kodi pali magazi, ofiira kapena akuda? Kodi kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwapitirira masabata atatu? Ukatuluka, umamva ngati sunamalize? Lamba ukumanga pabowo latsopano chonsecho nsima ukudya monga kale?

Pita kuchipatala sabata ino. Ukamuuze dokotala zonse mosazungulira, tsiku limene zinayamba, mtundu wa magaziwo. Akakupatsa mankhwala koma magazi osasiya, bwererako ukapemphe kuti akuunike m'matumbo.