Phunziro la Zaumoyo: Kodi Makina a MRI Amaona Chiyani mu Mtima?

Ambiri a ife timadziwa munthu wotere. Ndi bambo wa zaka zopitirira 50. Akamakankha njinga ya matumba a chimanga kupita kumalire a Muloza, pachifuwa pamamuthina ngati pasanjikidwa mwala. Akaima n'kupumula pang'ono, ululu umatha. Iye amati ndi kutopa chabe. Koma nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro chakuti mtima sukulandira magazi okwanira. M'phunziro lino tiona chimene chimayambitsa vutoli, mmene madokotala amalionera, ndi zimene ife tingachite konkuno ku Milange.

1. Vuto limayamba bwanji?

Mtima ndi mnofu umene umapopa magazi usana ndi usiku. Nawonso umafuna chakudya ndi mpweya, ndipo umazilandira kudzera m'timitsempha take timene tinayanga pamwamba pake. Taganizani ngalande yothirira dimba. Matope akamaunjikana, madzi amachepa ndipo mbewu zakumunsi zimafota. Chimodzimodzinso mafuta akamakanirira m'kati mwa timitsemphati, njira ya magazi imachepa. Munthu akakhala pansi samva kanthu. Akayamba kulima kapena kukwera chitunda, mtima umafuna magazi ambiri koma safika, ndiye ululu umayamba. Mtsempha ukatsekekeratu, mbali ina ya mtima imafa, ndipo munthu akhoza kumwalira tsiku lomwelo.

Zimene zimakulitsa vutoli ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ena amati BP, ena tensão, matenda a shuga, kusuta fodya, kunenepa kwambiri ndiponso ukalamba. Si matenda a anthu olemera okha ayi.

2. Kodi MRI ndi chiyani?

MRI, imene pa Chipwitikizi amati ressonância magnética, ndi makina ojambula m'kati mwa thupi popanda kung'amba. Amagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri pamodzi ndi mafunde onga a wailesi. Madzi a m'thupi amayankha mafundewo, ndipo kompyuta imasandutsa mayankhowo kukhala zithunzi. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku England analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Wodwala amagona pakabedi kamene kamalowa m'chibowo cha makinawo. Kujambula mtima kumatenga pafupifupi ola limodzi. Sikupweteka, koma makinawo amachita phokoso, ndipo nthawi ndi nthawi amakuuzani kugwira mpweya kwa kamphindi. Adokotala amabaya mankhwala awiri mu mtsempha wa pamkono. Oyamba amachititsa magazi kuyenda ngati munthu ali pantchito yolemetsa. Achiwiri amawalitsa magazi pachithunzi. Mbali ya mtima imene magazi akuchedwa kufika imaoneka yakuda. Patapita mphindi zingapo amajambulanso, ndipo pamene pali chipsera, kutanthauza mnofu umene unafa kale, pamaoneka poyera. Motero adokotala amadziwa ngati mankhwala akumwa angakwanire kapena ngati pakufunika kutsegula mtsempha.

Pa kafukufuku amene anachitika ku Leeds, ku England, pa odwala 752, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, MRI inapeza matendawa mwa anthu pafupifupi 86 pa 100 aliwonse amene analidi nawo.

Chenjezo: maginito amakoka zitsulo. Amene ali ndi chitsulo m'thupi, monga chipolopolo kapena chidutswa cha bomba cha nthawi ya nkhondo, anene asanalowe. Amayi oyembekezera ndi odwala impso nawonso anene.

3. Nanga kwathu kuno?

Makina amenewa ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima ndi akatswiri ophunzira bwino. N'chifukwa chake amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre makina a MRI anafika mu 2008, makamaka pofuna kujambula ubongo wa ana odwala malungo aakulu. Kujambula mtima kumafuna makina amphamvu kuposa amenewo. Ku Maputo kuli chipatala cha mtima, Instituto do Coração, chimene chinatsegulidwa mu 2001, ndipo ku Quelimane chipatala chachikulu chinatsegulidwa mu 2016. Koma ngakhale Quelimane yomweyo ili pa mtunda wa makilomita opitirira 300 kuchokera kuno.

Choncho MRI si poyambira. Adokotala amayamba ndi kumva mbiri yanu, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kenako kuyeza kagundidwe ka mtima ndi timawaya toika pachifuwa, kapena kuuona ndi makina onga ounikira amayi oyembekezera. Ndi iwo amene amaona ngati wodwala atumizidwe kutali.

Poyambira penipeni pali pafupi nafe. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mwa anthu amenewa, osakwana 15 pa 100 aliwonse ndiwo ankadziwa. Vutoli silipweteka, limadya mwakachetechete ngati chiswe m'nsichi. Kuliyeza kumatenga mphindi zochepa.

4. Tichite chiyani?

a) Akulu onse ayezetse kuthamanga kwa magazi kamodzi pachaka. Kukafika 140/90 kapena kupitirira, bwererani kukayezetsanso monga momwe akuuzirani.
b) Mukapatsidwa mankhwala, imwani tsiku ndi tsiku. Musasiye chifukwa choti mukupeza bwino.
c) Siyani fodya, kaya wa paketi, chingambwe kapena wofwenkha. Chepetsani kachasu ndi mowa wina uliwonse.
d) Chepetsani mchere. Patsiku munthu asapitirire magalamu 5, ndiwo kasupuni kamodzi ka tiyi.
e) Mukamamva kuthina pachifuwa pogwira ntchito, kafotokozeni kuchipatala sabata yomweyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

5. Zizindikiro zofunika kuthamanga nazo

Ululu wa pachifuwa wosatha ngakhale munthu atapumula, wofika pamkono, paphewa kapena kunsagwada, thukuta lozizira, kubanika, mseru, kukomoka. Amayi ndi odwala shuga nthawi zina amangomva kufooka ndi kubanika. Wodwala asayende pansi kapena kupalasa njinga yekha. Munyamuleni msanga, usiku kapena usana, osadikira kuti kuche.

Mafunso okambirana pa gulu lanu

1. N'chifukwa chiyani ululu umabwera pogwira ntchito n'kutha munthu akapumula?
2. Pa gulu lathu, ndi angati anayezetsa kuthamanga kwa magazi chaka chino?
3. Munthu atadwala mtima usiku m'mudzi mwathu, tingamunyamule pa chiyani, ndipo angatsogolere ndani?

Kambiranani, gwirizanani tsiku lokayezetsa limodzi, ndipo mutilembere zimene mwapangana.