PHUNZIRO: MWANA WAMANZERE PAKHOMO PATHU

Tiwerenge: Oweruza 3:12-30 ndi Oweruza 20:16

Kuno ku Chisenga ambiri a ife tinakula tikuona mwana akumenyedwa kadzanja chifukwa wateka nsima ndi manzere. Ena ankamangidwa dzanjalo ndi kansalu kuti azolowere lamanja. Agogo athu sankachita izi mwa nkhanza. Dzanja lamanzere linali lodzikonzera kuthengo, ndipo masiku amenewo sopo kunalibe. Koma lero tifunsane ngati nkoyenera kupitiriza.

M'mawu tawerengawa, amene anapulumutsa Aisraeli kwa Egiloni mfumu ya Moabu ndi Ehudi, munthu wamanzere, ndipo dziko linapumula zaka 80. Pa mutu 20 tamva za asilikali 700 amanzere odziwa kuponya miyala osaphonya. Onsewa anali a fuko la Benjamini, dzina lotanthauza mwana wa dzanja lamanja! Mulungu sanawauze kuti ayambe asintha dzanja.

Pa anthu 10 alionse, mmodzi amakhala wamanzere, ndipo anyamata amachulukirapo pang'ono kuposa atsikana. Si ufiti, si mwano. Mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira dzanja lamanja, yakumanja imalamulira lamanzere, ndipo zimenezi zimayamba mwana asanabadwe. Madokotala ojambula amayi oyembekezera anaona kuti khanda limasankha chala choyamwa lili m'mimba. Nanga ndodo yathu ikonza chiyani pamenepo?

Mfumu George VI ya ku England, bambo ake a Mfumukazi Elizabeth II, imene inali pampando kuyambira 1936 mpaka 1952 dziko lino lidakali Nyasaland, inabadwa yamanzere. Inakakamizidwa kulemba ndi lamanja, ndipo inavutika ndi chibwibwi. Akatswiri sanatsimikize kuti kukakamiza ndiko kumabweretsa chibwibwi, koma mantha omwe mwana amakhala nawo pa nthawi ya chakudya ndi m'kalasi tonse timawaona.

Pali chinthu china chimene ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikupempha kuti muchigwiritse. Mwana wabwinobwino amagwiritsa ntchito manja onse awiri m'chaka chake choyamba. Dzanja lokonda limayamba kuoneka pa zaka 2 kapena 3. Choncho khanda la miyezi 6 kapena 9 likamatambasula dzanja limodzi lokha, kaya lamanja kaya lamanzere, linalo lili chifumbatire kapena lolobodoka, musanene kuti watengera amalume ake. Kungakhale kuti mbali ina ya ubongo inavulala. Izi zimachitika kwa mwana amene anachedwa kulira pobadwa, wobadwa masiku asanakwane, amene anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, kapena amene anadwala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Tinkakumana nawo ana otere akubwera nawo ali ndi zaka 4, mwendo ukukokedwa, dzanja litauma kale, amayi ake akuti tinkayesa ndi wamanzere chabe. Akanabwera msanga, mafizo akanathandiza kwambiri. Mukaona zotere auzeni alangizi a zaumoyo kusikelo, ndipo akakutumizani ku chipatala cha boma ku Chitipa musazengereze, ngakhale ulendowo ndi wodya ndalama.

Nzoona kuti pakati pa ana obadwa osakwana masiku ndi ana ochedwa kuphunzira kapena kuyankhula, amanzere amapezeka ochulukirapo kusiyana ndi pakati pa ana ena. Koma tisasokoneze: manzerewo sindiwo abweretsa vutolo, ndipo amanzere ambiri alibe vuto lililonse. Ena amanenanso kuti amanzere onse ndi anzeru zoposa, potchula Barack Obama ndi Bill Clinton, amene anakhalapo atsogoleri a dziko la America. Zimenezo nzongosangalatsa m'khutu. Pomwe amapambanadi ndi pa masewero monga nkhonya, chifukwa anzawo sanazolowere kulimbana ndi munthu wochokera mbali imeneyo.

Tsono pakhomo tichite bwanji? Ulemu tiphunzitse ndithu. Kupereka moni, kulandira chinthu kwa akulu ndi kulandira Mgonero ndi manja awiri, mwana wamanzere angathe bwino lomwe. Koma supuni, mpeni, singano ndi pensulo timusiye agwire ndi dzanja lake. Za ukhondo, yankho ndi kusamba m'manja monse ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndiponso tisanadye.

Akayamba Sitandade 1, pitani mukaonane ndi aphunzitsi. Apempheni kuti mwanayo akhale kumapeto akumanzere a desiki kuti asamagundane zigongono ndi mnzake, ndipo kope lake alipendeketse pang'ono kumanja kuti dzanja lisafute zomwe walemba. Ife a Sande Sukulu tichitenso chimodzimodzi.

Pa msonkhano wathu wotsatira, mayi aliyense abwere atayang'ana makanda a m'mudzi mwake osakwana chaka: kodi akugwira bere ndi zoseweretsa ndi manja onse awiri?