KAPINGA

Pa maudzu onse omera m'makomboni a mu Lusaka palibe wina wodziwika koposa kapinga. Amapezeka m'mbali mwa miseu ya ku Matero, pa mabwalo a mpira a ku Chawama, ndi m'mphepete mwa ngalande za ku Kanyama. Anthu amamponda tsiku ndi tsiku, ana amasewerapo, dzuwa la mwezi wa October limamuoca, koma iye safa. Mphamvu yace yagona pansi pa nthaka, pamene maso saona.

Cimanga ndi mapira ziri za mtundu wa udzu, koma zimakhala caka cimodzi cokha. Zikabala zimauma ndi kufa. Kapinga satero. Iye amakhala zaka zambiri pamalo amodzi. Masamba ace ndi aang'ono, osongoka, obiriwira motuwirako, ndipo ambiri saposa cala ca munthu kutalika kwace. Tsinde lace loimirira silipitirira kwenikweni masentimita 30. Pansonga pace pamaturuka timphanda ta maluwa, kawirikawiri tinai kapena tisanu, totambasuka ngati zala za dzanja. M'menemo ndimo mukhala njere zace zazing'onozing'ono. Anthu ophunzira za zomera anampatsa dzina lakuti Cynodon dactylon. Mau awa ndi ocokera ku Cigriki: loyamba litanthauza dzino la garu, laciwiri litanthauza cala.

Kapinga ali ndi matsinde enanso a mitundu iwiri. Ena amayanga pamwamba pa nthaka monga dzungu. Tsinde lotere liri ndi mfundo zambiri, ndipo mfundo iri yonse ikakhudza dothi imazika mizu pansi ndi kuphukira masamba pamwamba. Ena amayenda mobisika m'kati mwa nthaka. Ndi oyera, olimba, akuthwa kunsonga. M'menemo ndimo kapinga amasungira cakudya cace, monga munthu asungira cimanga m'nkhokwe. Mizu yace yambiri iri pafupi, koma m'nthaka yofewa ina imatsika kufikira mamita 2. Cifukwa cace m'cilimwe masamba amauma, bwalo lonse licita mbuu, koma mvula yoyamba ya November ikangogwa, asanathe masiku ambiri paphukanso msipu. Cimene kapinga sakonda ndico mthunzi. Patsinde pa mtengo wa mango sakula bwino.

Kwa mlimi wa dimba udzu umenewu ndi mdani. Ukalowa pakati pa mpiru ndi matimati umalanda madzi ndi cakudya ca m'nthaka. Wopalira mosasamala amangouduladula ndi khasu, osadziwa kuti kacidutswa kali konse kokhala ndi mfundo kadzakhala kapinga watsopano. Mlimi wanzeru amakumba mozama, atola matsinde onse, nawayanika padzuwa kufikira ataumitsitsa.

Koma pabwalo la nyumba ndi la sukulu kapinga ndi bwenzi. Nthaka yopanda cobvala siikhalitsa. M'miyezi ya August ndi September mphepo imaiulutsa, fumbi nililowa m'maso, m'zakudya ndi m'zifuwa za ana. M'dzinja madzi amaikokolola, naitaya m'ngalande. Dziko la ku Kanyama ndi lathyathyathya, ndipo pansi pace pali thanthwe la miyala ya njereza, kotero kuti ngalande zikatsekeka madzi amasowa kopita, nalowa m'nyumba za anthu. Kapinga yekha sangathe kuletsa cigumula, koma matsinde ndi mizu yace zimalukana ngati ukonde, zigwira dothi la m'mbali mwa ngalande kuti lisagumukire m'kati.

Kubzala kwace sikubvuta. Mvula ikakhazikika, munthu amadula matsinde okhala ndi mfundo zitatu kapena zinai, nawakwirira m'mizere, kusiya nsonga kunja. Akamera ayenera kumwetedwa ndi cikwakwa nthawi ndi nthawi, pakuti udzu wautali umabisa njoka ndi udzudzu. Pakati pa kapinga ndi dimba pakhale kanjira kolambulidwa bwino, kuti udzu usaolokere ku ndiwo.

MAFUNSO

1. Kodi kapinga asiyana bwanji ndi cimanga?
2. Cifukwa ninji safa m'cilimwe?
3. Fotokozani colakwa ca munthu wongoduladula kapinga ndi khasu.
4. Kodi kapinga athandiza bwanji ngalande?

COCITA

Zulani kapinga mosamala pamodzi ndi mizu yace. Mjambuleni m'buku lanu, ndi kulemba maina a ziwalo zace: tsamba, tsinde, mfundo, muzu ndi maluwa.